Njuchi ya Kuseri kwa Kabati

Tsiku lomaliza limene mnyamata wina anaona bambo ake ali moyo, anangowaona msana. Bambo ake anali atagwada kuseri kwa kabati ya pabalaza, akulimbana ndi mawaya a wailesi yawo yaikulu ija ya ampulifaya ndi masipika awiri.

"Njuchi ija yabweranso," anatero osacheuka. Njuchi linali dzina limene anapatsa kaphokoso ka mmmm kamene kankatuluka m'masipika akangokweza mawu. "Ukamaliza za magetsi zakozo udzandithamangitsire. Sindinakutumize ku koleji kuti ndizimvera njuchi."

Mnyamatayo anaseka, n'kunyamula chikwama chake. Sanawauze kuti ku kolejiko anali atachotsedwa kale atalephera mayeso kachiwiri, ndipo ankangogona pansi m'chipinda cha mnzake. Patapita masiku anayi, foni inalira. Bambo ake anali atagwa kuntchito.

Maliro atatha anaulula zonse kwa amayi ake. Sanamukalipire. Anangoti, "Bola abambo ako sanamve." Akanamumenya mbama zikanakhalako bwino.

Miyezi isanu ndi umodzi anangokhala. Ankadzuka, kudya, kuyang'ana khoma. Wailesi anaifunditsa nsalu ngati nayonso yafa.

Lolemba lina amayi ake anati, "Loweruka kubwera munthu wogula zakale. Chinthuchi chikungodzaza malo. Chikamalira ndimangomva njuchi, ndipo njuchiyo imandikumbutsa msana wa abambo ako."

Akuchotsa katundu m'kabatimo, mnyamatayo anapeza kaseti yolembedwa ndi dzanja la bambo ake: "Kuyesa mawu." Anaiika mu wailesi ija. Munthu ankamveka kuti akulankhula, koma patali kwambiri. Atakweza, njuchi inameza zonse. M'nyumba monsemo munalibe chinthu china chosunga mawu a bambo ake, ndipo munalibenso china choimbira kaseti.

Anakoka kabati ija. Bambo ake ankakhulupirira kuti waya wabwino ndi wautali. Soketi inali pomwepo, koma chilichonse mwa zipangizo zitatu za wailesiyo chinali ndi waya wa magetsi wokwanira kuyanikapo zovala za banja lonse. Wotsalayo ankamukulunga pamodzi ndi mawaya opititsa mawu, n'kumanga mtolowo ndi tayi yakale. Apa mnyamatayo anakumbukira zimene anamva m'phunziro lomwe analepheralo: waya wa magetsi ukayenda mogundana ndi waya wa mawu, umalowetsamo phokoso.

M'sitolo yoyamba, wogulitsa anamutulutsira waya wonenepa ngati chala, wa m'bokosi lonyezimira.

"Tengani uyu, bwana. Nyimbo imatuluka itasamba."

Atamva mtengo wake, anabweza bokosilo ndi manja awiri.

Kumapeto kwa msewu kunali kashopu ka mayi wina wokonza mawailesi, wa magalasi omangidwa ndi kawaya.

"Ndikufuna mawaya a magetsi atatu, aafupi, otchipa," anatero mnyamatayo.

"Aafupi bwanji?"

"Aafupi basi, mayi."

"Kufupika si muyeso, mwanangu. Ndi kutalika kwakoku, nawenso ndiwe wamfupi ukaima pafupi ndi polo ya magetsi. Pita ukayeze."

Anabwerera kunyumba wapansi. Anatenga chingwe, n'kuyeza kuchokera kumbuyo kwa chipangizo chilichonse kufika pa soketi, n'kumangapo mfundo. Wautali pa onse sanapitirire theka la mita.

Mayi uja ataona mfundozo anagwedeza mutu movomereza. Anamuonetsa manambala olembedwa pakhungu la waya osonyeza mphamvu imene angasenze. Anasenda kansonga kuti aone kopa weniweni mkati. Anamusankhira mapulagi a mano atatu, n'kuwonjezera pang'ono pa muyeso uliwonse kuti waya asamakokeke.

"Wa ampulifaya usaumire, ndi amene amadya kwambiri. Enawa wamba akwana. Bokosi siliimba."

Lachinayi anawalumikiza. Njuchi inachepa, koma sinachoke. Anakhala pansi, akumva mawu omwe aja m'mutu mwake: walepheranso. Lachisanu anayambiranso. Anapukuta pulagi iliyonse. Mawaya a magetsi anawadutsitsa kumanzere, a mawu kumanja, ndipo pamene ankayenera kukumana anawapingasitsa, osawagoneka pamodzi.

Loweruka m'mawa wogula uja anafika ndi ngolo yake. Amayi ake anali akusesa pabalaza.

"Amayi, ndipatseni kamphindi kamodzi."

"Munthu akudikira panja, iwe."

Anayatsa, n'kukweza mpaka kumapeto. Munali zii. Kenako munthu anatsokomola m'masipika.

"Ikumveka? Ikumveka? Amake mwana, tasiyani kaye kusesako, ndikujambula!"

Mayi wachitsikana anamveka akuseka chapatali, khanda likulira.

"Tamumvani mwana wangayu mawu ake," anapitiriza bambowo. "Ameneyu akadzakula sitidzafunanso wailesi."

Amayi ake anakhala pansi pomwepo, tsache lili m'manja. Anamvetsera mpaka kaseti inatha. Kenako anapukuta nkhope ndi nsalu, n'kupita pakhomo.

"Pepani bambo, mwavutika ulendo. Sitikugulitsa."

Nkhani inayenda. Woyamba kumuitana anali neba, kenako mwini malo ometera, kenako anthu osawadziwa n'komwe. Nyumba zambiri zinali ndi njuchi zawo, ndipo eni ake ankaganiza kuti mankhwala ake ndi kugula zodula. Iye ankafika ndi chingwe m'thumba, n'kugwada kuseri kwa kabati. Anthu anamupatsa dzina loti Hafu Mita, ngakhale amawerama polowa pakhomo.

Mayi wa magalasi uja anamupatsa tebulo m'shopu mwake. Chaka chachitatu analembanso mayeso aja, ndipo anakhoza. Satifiketiyo ili pamwamba pa ampulifaya. Munthu amene ankafunitsitsa kuiona sanaione, ndipo palibe waya wamfupi kapena wautali amene angakonze zimenezo.

Inu amene mwalephera, amene mukubisa kalata yochotsedwa pansi pa chikwama, mvetserani. M'zimene munalepherazo muli kanthu kamene munagwira. Mwina n'kakang'ono ngati theka la mita. Katengeni, kagwireni nako ntchito lero, ndipo zikakanika Lachinayi mudzayambirenso Lachisanu. Mtima wanuwo musautaye. Ndipo amene amakukondani auzeni zoona adakali ndi makutu omvera.

Bambo a mnyamatayo anamwalira pa 9 Malichi 2021.