Chaka Chopanda Ngozi

Lyle Novak anabadwira ku Youngstown, ku Ohio, machumuni a mafakitale a zitsulo akadafuka utsi. Bambo ake anagwira ntchito pang'anjo mpaka tsiku limene eni fakitale anakhoma geti n'kusamukira kwina. Mdalayo sanachite phokoso. Anangokhala pakhonde zaka zake zonse zotsala, wailesi pakhutu, kumvera mpira. Lyle anatengera zonse ziwiri, kukonda mpira ndi kusadandaula, ndipo chachiwirichi ndicho chinadzamupweteka.

Lyle anakalambira pafakitale ina yopinda zitseko za magalimoto. Anali munthu wa mapewa aakulu, wosachedwa ku ntchito, wosayankha bwana. Ntchitoyo sanali kuikonda, koma inali ndi inshuwalansi ya chipatala, ndipo mkazi wake Darlene amadzibaya jakisoni wa shuga tsiku ndi tsiku. Kuno mankhwala amayendera ntchito. Ntchito ikatha inshuwalansi yatha, ndipo mtengo wa jakisoniyo ukamagula wekha ngosayamba.

Nthawi ya nkhomaliro Lyle amakhala tebulo limodzi ndi anzake awiri a pamakina, Rusty Hollis ndi Curtis Bledsoe. Rusty anali wa chipani chofiira, Curtis wa chipani chabuluu, ndipo sangweji simalowa pakhosi asanakangane.

"Mtengo wa mazira wauona, Curtis? Boma lako limenelo!"

"Iwe Rusty, nkhuku zinayamba liti kuvota? Mazira akadula, boma. Mvula ikagwa, boma. Mkazi wako atakuthawa uja linalinso boma?"

"Usiyeko za mkazi wanga, aise. Ntchito zonse zinathawira ku China chifukwa cha anthu ako omwewo."

"Anazinyamula pamutu ndi anthu anga? Anasamutsa mafakitale ndi mabwana amene iwe umawavotera kuti asamakhome msonkho. Pano tikanakhala ndi bungwe la ogwira ntchito..."

"Shii! Ukufuna atitsekere nafenso? Tidzadya bungwe lakolo?"

Zikafika pamenepa Lyle amapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Ana inu, andale a ku Washington sakudziwani ndi dzina lomwe. Tiyeni tikambe za mpira wa Lamlungu." Basi mkangano umathera pompo, chifukwa pa mpira atatuwa anali a mpingo umodzi. Onse amasapota timu ya Cleveland, onse amatukwana mphunzitsi wa timuyo, ndipo onse amagwirizana kuti osewera a masiku ano ndi makanda. Ngakhale avale chisoti ndi zotchinjiriza thupi lonse, akangogundidwa pang'ono atuluka. Akale, amatero Rusty, amasewera nthiti zitathyoka, n'kukalira kunyumba.

Pageti la fakitale panali chikwangwani chowerenga masiku amene apita popanda ngozi. Akuluakulu analonjeza kuti chaka chikakwana, gawo lonse la makina lidzapita ku Cleveland pabasi ya kampani kukaonera mpira, matikiti, soseji ndi mowa zonse zaulere. Amene anatulukira nzeru imeneyi Mulungu amuone. Ngozi sizinathe ayi, chinatha ndi kuzinena. Wodzicheka chala amangomanga tepi n'kupisa dzanja m'thumba kapitawo akamadutsa, pakuti palibe amafuna kukhala munthu amene wamanitsa anzake mpira.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, chitsulo chinapulumuka pa unyolo m'mawa wina. Chikanagwera Curtis pamiyendo. Lyle anachiwakha ndi mkono wamanja, ndipo m'phewa munamveka kuti thwa! Anagwada pansi, thukuta lili kamukamu. Amene anaona anali Curtis ndi Rusty okha.

"Tiye ku ofesi, mdala," anatero Curtis.

Rusty anayang'ana uku ndi uku. "Taimani kaye. Mdala, tayesa kukweza mkono. Waona? Ukukwera. Wangobinya basi. Ukakanena pano chikwangwani chibwerera pa ziro, ndipo anyamata onsewa adzatidya amoyo."

Curtis sanatsutse. Aka kanali koyamba kuti Rusty alankhule iye n'kukhala chete. Lyle anayang'ana nkhope zawo, anaganiza za anyamata amene anagula kale malaya a timu, ndipo anachita manyazi. "Si kanthu," anatero. "Mundipezere mapanado."

Ku Cleveland anapitadi. Anakhala pamwamba penipeni, pomwe mphepo ya kunyanja imalasa m'mafupa, ndipo timu yawo inagonja. Lyle amaombera m'manja pomenya ntchafu ndi dzanja lamanzere. Kunyumba anauza Darlene kuti ndi nyamakazi.

Anapirira nyengo yonse ya chisanu. Anzake awiri aja amamunyamulira zolemera mobisa, iye n'kumameza mapiritsi ngati mtedza. Koma tsiku lina Darlene anamupeza kubafa akulephera kufikitsa mswachi pakamwa, ndipo anamukokera kwa dokotala. Dokotala ataunika anati mtsempha wa m'phewa unaduka kalekale ndipo wafota. Akanabwera sabata yomweyo akanausoka mosavuta. Tsopano pafunika opaleshoni yaikulu, ndipo ngakhale itatheka, zonyamula zitsulo aiwale.

Apa m'pamene Lyle anapita ku ofesi. Mayi woyang'anira za antchito anali waulemu kwambiri, anamupatsa mpando ndi khofi.

"Pepani kwambiri, a Novak. Tsiku limenelo munauza ndani?"

"Sindinauze munthu, mayi."

"Lamulo lathu mukulidziwa. Ngozi imanenedwa tsiku lomwelo. Nanga ife tidziwa bwanji kuti simunavulale kunyumba pochotsa chipale chofewa pakhomo? M'mwezi umene mukunenawo fakitale ino sinachite ngozi. Inunso munapita nawo kokondwerera, si choncho?"

Lyle anavomera kuti anapita. Kampani inakana kulipira chithandizo, inati ntchito yopepuka palibe, ndipo mwezi usanathe anamupatsa katoni kuti alongedze za m'kabati yake ya kuntchito. Loya wina wa m'tauni anamuuza mosabisa kuti mlandu ungayende pokhapokha mboni itaimirira n'kunena kuti inaona. Vuto linali lakuti lamulo la kampani lomwelo limati woona ngozi n'kuibisa nayenso amachotsedwa ntchito.

Rusty anasiya kuyankha foni. Curtis anabwera Loweruka lina masana, atanyamula mowa wa m'zitini, n'kukhala kumphepete kwa sofa ngati wabwera pamaliro. Darlene anamupatsa moni n'kulowa kukhitchini, koma chitseko anachisiya chotsekula. Amuna awiriwo anayamba ndi za osewera atsopano amene timu yagula. Kenaka anadandaula za mtengo wa petulo, n'kutukwanako aphungu a zipani zonse ziwiri. Nkhani zitatha, Curtis anaika chitini pansi.

"Mdala, loya wako anandiimbira. Ine miyendoyi ndikuyendera iwe. Ukati ndikanene, ndikanena. Kungoti mtsikana wanga uja wangoyamba kumene ku koleji, ndipo nyumba sindinamalize kulipira. Koma ukati ndipite, ndipita."

Lyle anamuyang'ana mnzakeyo. Munthu amene kwa zaka zonsezi amalalikira za ufulu wa ogwira ntchito tsopano anali ndi mantha otaya ntchito yake. Lyle anamumvera chisoni, ndipo anadziwanso kuti sangathe kupempha. Moyo wake wonse sanapemphepo kanthu kwa munthu.

"Zisiye, aise," anatero. "Tisamire tonse awiri. Ife tiona chochita."

Curtis anatsutsa pang'ono, mwamwambo chabe. Koma mapewa ake anatsika, mpweya unatuluka, ndipo potsanzika anali akuseka kale za Rusty ndi chipewa chake chofiira. Lyle anamuperekeza mpaka pagalimoto, n'kubwerera m'nyumba akudzimva kuti wachita zachimuna.

Anapeza Darlene ataima patebulo la kukhitchini, akukoka mankhwala mu jakisoni. Anakoka mpaka pakati n'kusiya. Lyle anakhala naye zaka zambiri mokwanira kudziwa pamene mankhwalawo amayenera kufika.

"Bwanji wachepetsa?"

"Ndinayamba kale, inu simumaona," anatero Darlene osatukula mutu. "Botololi likatha palibenso lina." Anadzibaya pamimba, n'kutsitsa bulauzi, kenaka anamuyang'ana m'maso. Sanakweze mawu. "Ndamva zonse. Ndinu munthu wabwino, a Lyle, tauni yonse ikudziwa. Anyamata munawapatsa mpira wawo, Curtis mwamupatsa ntchito yake. Koma zimene mwagawazo si zanu nokha. Ine munandifunsa?"

Ulendo uno Lyle analibe nkhani ya mpira yoti n'kuthawirako.