Makoko a Nandolo pa Kope Langa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinazindikira kuti nkhope ya amayi anga ikundithawa. Anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo m'nyumba mwathu munalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Ndikatsinzina ndinkaona mpango wofiira ndi dengu la tiyi kumsana, koma pakati pake pankangoti mbuu, ngati phiri la Mulanje tsiku la chiperoni. Ndinachita mantha. Ndinaganiza zowalemba m'buku asanazimiririretu.

Ndinkakhala ndi mng'ono wawo, amayi aang'ono a Esinati, chakumtunda kwa Mulanje Mission, kumene minda ya tiyi imayambira kuseri kwa nyumba n'kukathera m'mitambo. Ndinatenga kope latsopano limene linayenera kukhala la masamu, n'kulikuta ndi pepala la thumba la simenti. Mwezi wathunthu ndinkati ndikaweruka kusukulu, ndinkakhala pamwala pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumalemba. Ndinkalemba ndi bolopeni, pang'onopang'ono, osakhwatcha pena paliponse. Kusukulu kope lakuda linkakwapulitsa, ndipo m'mabuku onse amene ndinawaonapo munalibe mzere wokhwatchidwa. Ndinkayesa kuti olemba mabuku amangolemba kamodzi, basi kwatha.

Amayi a m'buku langa anali okongola zedi. Ankayankhula motsitsa mawu, ankayimba mokoma, sanakalipirepo munthu chibadwire. Kunena zoona, ndinawatolera m'mabuku a kusukulu ndi m'maulaliki a pamaliro.

Loweruka lina masana, kukuwaza kamvula kopanda phokoso, ndinapeza amayi aang'ono pakhonde akusenda nandolo wamuwisi. Iwo sankadziwa kuwerenga, choncho ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kuwawerengera mokweza, mtima uli dyokodyoko.

Nditafika ponena kuti amayi anali ofatsa, khoko la nandolo linagwera patsamba. Ndinalichotsa n'kupitiriza. Nditafika pa kuyimba, linagwanso lina. Ndinawayang'ana, koma iwo maso anali m'lichero.

"Mayi, mukundidetsera buku," ndinatero.

"Werenga iwe. Ndikamva bodza ndiziponya khoko."

Pomafika tsamba lachisanu, makoko anali atadzaza pamiyendo panga.

"Kodi ameneyu ndi mayi wa yani?" anandifunsa. "Ndi munthu wabwino ndithu, koma ine sindikumudziwa. Achemwali anga akayamba kuyimba m'tchalitchi, anzawo ankasunthira kumapeto kwa benchi. Nanga kukalipa? Kapitawo wa kuesiteti ankanyonyomala m'tiyi akangomva kuti ayamba kukalipa m'Chilomwe."

Ndinapsa mtima. Ndinaona ngati akunyoza wakufa, ndipo ndikulira ndinawauza kuti ali ndi nsanje. Sanandimenye, ngakhale ndinayenera kumenyedwa.

"Mwana wanga, amayi ako tinawaika kale kamodzi," anatero. "Iwe ukufuna kuwaikanso m'kopemo, n'kukwirira ndi maluwa. Maliza kuwerenga."

Kumapeto kwenikweni kunali mizere itatu imene ndinkachita nayo manyazi. Ndinailemba nditatopa, mawu okoma atandithera. Inkanena kuti zala za amayi zinali zakuda ndi zong'aluka chifukwa chothyola tiyi, ndipo akamandisisita m'mutu zinkakola tsitsi langa, zikununkhira masamba aawisi. Ndinaiwerenga mothamanga, ndikudikira khoko. Silinabwere. Manja a amayi aang'ono anali ataima m'lichero.

"Bwereza."

Ndinabwereza. Anatola njere imodzi ya nandolo n'kuiika patsambapo.

"Awo ndiye achemwali anga. Yambira pamenepo."

Kukhwatcha tsamba loyamba kunandiwawa kwambiri. Ndinagwira bolopeni nthawi yaitali, ndikuyang'ana zilembo zanga zowongoka bwino zija. Kenako ndinadutsitsa mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo masamba enawo sanavutenso. Pa buku lonse lija panatsala mizere itatu yokha.

Kuyambira tsiku limenelo, Loweruka lililonse linali la kope ndi lichero. Amayi aang'ono ankandiuza zimene sankanena pamaso pa anthu. Anandiuza kuti amayi ankakonda mango osapsa othira mchere, n'kumabisa mkamwa ngati mwana. Anandiuza za mbuzi ya eni imene anaipirikitsa ndi mthiko mpaka kumtsinje. Anandiuzanso za tsiku limene ndinakomoka ndi malungo: amayi anandibereka n'kuthamanga nane kuchipatala mvula ikugwa, akundikalipira njira yonse kuti ndisayerekeze kufa. Ine ndinkalemba m'mphepete mwa masamba ndi pakati pa mizere, n'kudzawawerengera Loweruka lotsatira. Makoko sanasiye kugwa. Nthawi ina ndinakokomeza ukali wa amayi mpaka anasanduka chilombo, ndipo amayi aang'ono anandiponyera makoko odzaza dzanja. Anati bodza loipitsa ndi bodza lokometsa, mayi wawo ndi mmodzi.

Nandolo atatha kumunda, amayi aang'ono ankaponya chilichonse chimene chinali pafupi.

Tsiku lina ndinali ndekha pamwala paja, ndikulemba kachitatu nkhani ya kuyimba. Nkhungu inatsika m'phiri mwakachetechete, n'kumeza mizere ya tiyi umodziumodzi mpaka inafika pamapazi anga. Ndinalemba kuti mawu a amayi anali osasa, ndiponso kuti ankayamba vesi anzawo asanayambe. Nditangoika mpumiro, ndinawamva. Anali kumbuyo kwanga, chapafupi ndi khutu, monga amamvekera mawu a mayi kwa mwana amene ali kumsana. Ankayimba nyimbo ya m'tchalitchi, akuiphonya, akuithamangitsa, osasamala za munthu. Sindinatembenuke. Ndinamvetsera mpaka nyimbo inatha, kope likunyowa pamiyendo. Ndinali ndisanasangalalepo chotero, komanso ndinali ndisanawasowepo chotero.

Nkhope yawo sinabwerere, mpaka lero.

Amayi aang'ono a Esinati nawonso anatisiya. Pano patebulo langa pali mulu wa mapepala a buku limene ndangomaliza kulemba koyamba, oyera bwino, opanda chokhwatcha, ndipo sindikuwakhulupirira. Ndikudziwa tsopano kuti polemba koyamba munthu umalemba zimene ukanakonda zikanakhala, ndipo amene ukumufunayo amabisala m'mzere umene ukuchita nawo manyazi. Ndiye ndimadziwerengera mokweza ndili ndekha, ndipo pamene mawu akoma mopitirira ndimamva khoko likugwera patsamba.

Kope lija ndikadali nalo. Ndi lakuda, lotupa ndi chinyezi, lakuti aphunzitsi anga akanaliona akanandikwapula. Mwana wanga wamkazi atandifunsa kuti agogo ake anali otani, sindinamuuze kuti anali okongola. Ndinamupatsa kopelo, n'kumuuza kuti awerenge zokhazo zimene zili m'mphepete.