Munthu wa Sutikesi mu Vidiyo ya a Maliko

Anandilanda nkhope ya bambo anga. Sichinali chithunzi cha pakhoma ayi, kwathu kunalibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe. Bambo anapita kumigodi ku Joni ine ndikuphunzira kuyankhula, ndipo sanabwerenso, ngakhale kulemba kalata. Nkhope ndikunenayi ndinaipeza ndekha mu vidiyo ya a Maliko pa Lisungwi, chilimwe china matipate atangobwera kumene, ndili Sitandade 5.

Vidiyoyo inali kuseri kwa golosale yawo, m'kachipinda ka malata kopanda zenera. Pakhomo ankatchingapo bulangete lakale, ndiye ukalowa masana dzuwa likuswa mtengo, maso ankayamba afa kaye. Munkanunkha thukuta, makoko a nzimbe ndi utsi wa jenereta wolowera m'ming'alu. Madzulo ankaonetsa zakarate, anthu n'kudzaza. Masana ankaika mafilimu awo apamtima, akalekale, opanda mitundu, ongokhala kuda ndi kuyera basi. Anawagula mulu umodzi ku Limbe ndipo ankawatamanda kwa aliyense wodutsa.

"Mafilimu ndi awa, osati zomenyana zanuzo," ankatero. "Anthu onse mukuwaonawa anafa kalekale, koma taonani mmene akuyendera."

Anthu akufawo ankaseka, kusuta fodya, kutsekulirana zitseko, nkhope zawo zili mbuu ngati apaka phulusa.

Tsiku lina tinalimo anthu ochepa, pamodzi ndi a Dzonzi, telala wa pakhonde la golosale, amene anagwirako ntchito ndi bambo ku Joni n'kubwerako ndi chifuwa. Mufilimumo munali siteshoni ya sitima. Azungu awiri ankatsanzikana, ndipo kumbuyo kwawo kunadutsa munthu wakuda wovala chipewa, atanyamula sutikesi, akukoka pang'ono mwendo wamanzere. Atafika pakati anaima, n'kucheuka, n'kuyang'ana kuno kwa ife. Kenako utsi wa sitima unamuphimba.

"Eti Yohane, uja si Samisoni, bambo ako?" anatero a Dzonzi. "Kutsimphina kwake ndi komwe kuja."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita masana aliwonse. Sukulu inali itangokhala yaulere, tinkaphunzira pansi pa mtengo tili khamu, ndipo aphunzitsi sankadziwa amene wabwera ndi amene wajomba. A Maliko anandilola kuti ndizisesa ndi kutunga madzi, iwo n'kumandibwezera tepi ya filimuyo pamalo a siteshoni paja. Ankabweza kawiri, katatu, tsiku lina mpaka kutopa. Ndinkakhala pa benchi lakutsogolo, mphuno pafupi ndi galasi la kanema. Ndinaloweza masaya ake, ndevu zochepa za pachibwano, ndi mmene ankatsegulira pakamwa ngati akufuna kunena kanthu utsi usanafike. Kunyumba ndinkadziyang'ana m'madzi a mumtsuko kufunafuna masaya omwewo.

Kenako zinayamba. Pamwamba pa chipewa panatulukira kamzere koyera konjenjemera. Patapita masiku chipewa chinasowa, pamalo pake pakungothothoka timadontho ngati mvula ya matalala, ndipo mawu ankalira ngati njuchi zili m'chitini. Kwina konse filimuyo inali bwinobwino. Azungu aja ankaoneka mpaka mabatani a malaya. Chinthucho chinkadya munthu mmodzi yekha, ndipo chinkatsika. Chinadya chipumi. Chinafika m'maso. Ine ndinkaganiza kuti kuli wina kumene bambo aliko amene wazindikira kuti tapezana, ndipo akuwakokera mkati. A Maliko ankadziwa chimene chimadya tepi, koma madzi anga ankawafuna, ndiye sanandiuze.

Ndinkafuna amayi adzaone nkhopeyo isanathe. Iwo okha ndi amene akanandiuza zoona. Nthawi imeneyo bambo wina wa ngolo wa ku Matandani ankabwerabwera kwathu kudzafunsira amayi, ndipo amalume ankamukonda chifukwa cha ng'ombe zake. Amayi ankakana. Ankati mwamuna wawo ali moyo, ndipo popeza boma lasintha, anthu ambiri otayika akubwerera kwawo. Ine ndinkaona kuti akangowaona bambo akuyenda ndi sutikesi pa siteshoni, wa ngoloyo sadzapondanso pakhomo pathu.

Koma amayi anali munthu wa kutchalitchi, wogulitsa tomato pamsika. "Mkazi wa mwini alowe mumdima muja ndi zidakwa?" ankatero. "Iwe wapenga kodi?" Ndinawachonderera mpaka mango anayamba kupsa.

Anabwera tsiku lina msika utazilala. Analipira okha pakhomo, yawo ndi yanga, n'kukhala kunsonga kwa benchi, chitenje atatseka nacho pakamwa. Kunja kunkatentha koopsa, malata akuthetheka. Siteshoni inafika. Azungu anakumbatirana. Kumbuyo kwawo kunadutsa thupi lopanda mutu, kuyambira m'khosi kupita kumwamba kuli matalala okhaokha. Linanyamula sutikesi yake, likukoka mwendo wamanzere. Linaima. Linatembenukira kwa ife, mapewa okha. Ndinamva amayi akukoka mpweya. Pomwepo makina analira ngati khoswe wapanidwa, chithunzi chinapindika, galasi n'kuda bii.

M'chipindamo munangotsala phokoso la jenereta. A Maliko anatukwana pansipansi, n'kuyamba kusolola tepi imene makina anatafuna.

"A Maliko," anatero amayi mumdimamo, "kodi anthu a m'mafilimu amenewa amakhala kuti?"

"Kumanda, mayi. Palibe wamoyo ndi mmodzi yemwe."

Anayankha osatukula n'komwe mutu. Amayi anaimirira, anakonza chitenje, n'kutuluka. Bulangete litatseguka, kuwala kunandibaya m'maso.

A Maliko anadula pofwanyikapo ndi lezala, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi selotepi. Kachidutswako anakataya pansi, ine n'kukatola. Ndinali nditaonapo wojambula zithunzi pamsika akuyang'ana mafilimu ake padzuwa, tianthu tikuoneka mkatimo. Ndinathamangira panja, n'kukakweza kumwamba. Ndinakatembenuza uku ndi uku, ndinakapukuta ndi malovu. Kanali kakuda mbali zonse. Munalibe munthu, munalibe sutikesi, ngakhale utsi.

Mvula isanagwe amayi anameta tsitsi. Jekete la bambo, limene linkakhala pa msomali chichokereni iwo, anapatsa amalume. Chimanga chisanafike m'mawondo tinasamukira ku Matandani, ndipo mwini ngolo anati ng'ombe zake zikusowa mbusa. Kusukulu sindinabwererenso. Palibe anabwera kudzandifunsa.

Pano ndikudziwa kuti tepi imaperepeseka pamene ukuibwezabweza, monga mmene thalauza limathera m'mawondo. Ndikudziwanso kuti filimu ija anaijambula kutsidya kwa nyanja bambo anga asanabadwe, ndipo a Dzonzi ankangocheza. Munthu wa sutikesi uja anali bambo wa wina. Anga mwina ali moyo mpaka lero kwinakwake ku Joni, sakudziwa kuti kuno tinawalira maliro chifukwa cha mwendo wa mlendo. Koma pa nthawiyo ndinkakhulupirira kuti anacheuka chifukwa anandiona.

Lamulo la pa vidiyo paja linali lakuti filimu ikafera panjira, anthu abwezeredwe ndalama zawo. Tsiku lija sinathe. A Maliko akadali ndi makwacha awiri athu.