A Elisha ndi Mita ya Paphiri

A Elisha Chimphepo anaphunzira zamagetsi pafakitale ina ya mafuta ophikira ku Kanengo, komwe anatha zaka zambiri akusamala mamita oyeza madzi ndi mafuta odutsa m'mapaipi. Fakitale itatsekedwa, anabwerera kwawo kufupi ndi Malomo. Akazi awo, a Margareta, anamwalira patangotha chaka, ndipo ana awo awiri ali ku Joni. Pamudzi palibe amene amaidziwa bwino ntchito yawo. Amangowatchula "a mawaya", n'kumawabweretsera mawailesi akufa.

Chaka chatha mu Okutobala, komiti ya madzi a m'mipopi inawaitana. Mita ya pathanki yapaphiri inkaonetsa madzi ochuluka kuposa amene ankafika kumidzi, ndipo anthu anali atayamba kale kuloza chala mayi Roza, oyang'anira thankiyo, kuti akupatutsira madzi kunazale ya fodya ya alongo awo.

A Elisha anakwera phirilo akukankha njinga. Anapeza mayi Roza atakhala okha pamwala, pampu yodzaza thanki ikulira chapansipansi.

"Tatsekani vavu yotulutsa madziyo, mayi," anatero.

Mayiwo anatseka. M'paipi munati zii, koma manambala pamita ankayendabe.

"Mwaona? Madzi aima, iyo ikuwerengabe. Wabodza ndi mita, si inu."

A Elisha anayeza magetsi ochokera ku sola, anali bwinobwino. Anatsegula kabokosi ka mawaya, nachotsamo fumbi ndi nyerere zakufa, koma manambala sanaleke. Anatsata chingwe chonse ndi zala poganiza kuti makoswe achitafuna. Dzuwa litapendeka m'pamene anakumba pansi pa paipi, napeza waya wa ethi, uja wolowa m'nthaka, utadyeka ndi dzimbiri mpaka kuduka. Pampu ikamalira, magetsi osokera ankalowa mu sensa, kachipangizo komva madzi m'paipi, mita n'kumayesa kuti madzi akudutsa. Analumikiza waya watsopano, namanga zolimba. Manambala anaima.

Mayi Roza anaiyang'ana mitayo nthawi yaitali. "Milungu itatu anthu osandipatsa moni, ngakhale kutchalitchi," anatero motsitsa mawu. "Mukawauze ndinu, bambo. Ine sangandimvere."

A Elisha anakawauzadi Loweruka pamsonkhano wa komiti, akujambula paipi ndi waya padothi ndi kamtengo. Wapampando anathokoza, nkhani n'kutembenukira ku feteleza. Palibe anapepesa mayi Roza. Palibenso anafunsa mmene magetsi osokerawo amayendera, ngakhale a Elisha anali atabweretsa waya wodukawo m'thumba kuti awaonetse.

Mayi Roza anasamukira ku Madisi kwa mwana wawo mvula isanagwe. Pathanki pali bambo wina tsopano, wosakonda kucheza. A Elisha amakwerabe phirilo kamodzi pamwezi popanda wowatuma. Amapukuta m'kabokosi, kuyeza mawaya, kenako amakhala pamthunzi wa thanki n'kudya chinangwa chawo asanayambe kutsika.