Nthenga ya pa duku

Mayi oyandikana nyumba ndi Esha ku Ngauma sasowa nthenga ya nkhuku pa duku lawo. Chiyambire nkhondo soda sapezekanso m'maloja ogulitsa katundu, ndiye mudzi wonse umaphikira therere chidulo cha mayiwa. Amawotcha zitsononkho ndi makoko a nyemba, n'kutcheza phulusalo m'chitini choboola pansi. Asanapatse munthu, amaviikamo nthenga ija n'kudikira. Ikatuluka yathunthu amati, "Kaphikeni, koma musachulutse, ndiwo zingawawe." Anthu amawaseka kuti amakayikira ngakhale phulusa lowotcha okha.

Tsiku lina mwamuna wa Esha anabwera kuchokera ku Cuamba ndi ufa woyera wooneka ngati soda umene anatola m'loja yomwe eni ake anathawa. Esha anatereka therere, ana atakhala kale pafupi ndi moto, n'kuthamangira kwa mayiwo kukawagawirako.

"Amayi, soda weniweni uyu! Lero phulusa lipume."

Mayiwo sanathokoze. Anasungunula pang'ono m'chitini, madziwo n'kutentha okha popanda moto. Anaviikamo nthenga, Esha akungocheukira kwawo. Atayivuula, tiubweya take tinali titanyenyeka, kutsala kamtengo kokha.

"Wathira kale m'ndiwo?"

"Ayi, ndimati ndiyambe ndakupatsani."

"Uyu ndi soda wopangira sopo, mwanawe. Zimene wachita ndi nthengayi akanachita ndi matumbo a ana ako."

Esha anangokhala pansi. Mayiwo anatunga chidulo chamasiku onse m'kapu n'kumupatsa.

"Nyamuka, therere lipserera. Ana ali ndi njala."