Pikiapu yanga sigonanso pa mtsetse

Kwa miyezi yambiri, pikiapu yanga yakale yakhala ikugona pa mtsetse kuseri kwa nyumba ku Bembeke. M'mawa ndimangomasula handibuleki, ikatsetsereka n'kuponya giya yachiwiri, basi injini yalira. Kanyali kofiira ka batire kanayaka kalekale, koma ndinakamata ndi selotepi kuti kasandisowetse mtendere.

Lachiwiri ndinanyamula apongozi anga, a Mbewe, kupita nawo kuchipatala ku Lilongwe. Miyendo yawo yatupa, ndipo limeneli ndi tsiku limene adokotala anawapatsa. Pa Chimbiya ndinaima kuti ndiwagulire nthochi, n'kuzimitsa injini. Ndinaiwala kuti pamenepo palibe mtsetse. Nditapotokola kiyi, galimoto inangoti zii.

Ndikufunafuna anthu okankha, ndinaona apongozi atsika, asiya ndodo pansi, manja aika pa galimoto. Munthu amene nsapato sizikumulowa, akufuna kukankha mkamwini wake. Ndinachita manyazi, ndipo ndinadzikwiyira.

Ndinakaitana makaniko wa pamenepo, a Chisale, n'kuwauza monyada kuti batire ndasintha kawiri. Anaseka. Titailiza galimotoyo ndi batire lawo anayeza magetsi, n'kupeza kuti alitaneta sikutchaja. Lamba anali wokhwefuka, tizitsulo ta m'kati mwa alitanetayo, totchedwa mabulashi, titatheratu.

"Achimwene, batire ndi nkhokwe chabe," anatero. "Wolima ndi alitaneta. Munda ukagona, mumamanga nkhokwe ina?"

Ntchito yake sinatenge maola awiri, koma tinafika adokotala atachoka. Apongozi anangoti tidzabwerenso, ndisadandaule. Bola akanandikalipira.

Musandiseke, poti sindili ndekha. Lamulungu lino kaoneni mmene timaimikira magalimoto kutchalitchi, aliyense kulimbirana malo otsetsereka. Mapiri athuwa amatibisira matenda. Ndipo si magalimoto okha. Denga likadontha timasuntha bedi, chifuwa chikakana kutha timati ndi kuzizira kwa Dedza. Zengerezu adalinda kwawukwawu, abale.

Selotepi ija ndamatula. Pikiapu tsopano imagona pabwalo pathyathyathya, kuti ikadwalanso ndidziwe m'mawa womwewo, ndisananyamule munthu. Apongozi awapatsa tsiku lina mwezi wamawa, ndipo miyendo ikadali yotupa. Tsiku limenelo pa Chimbiya ndidzazimitsa dala injini, iwo ali khale kutsogolo, ndodo ili pamiyendo.

Nanga inu, kanyali kofiira kamene munamata ndi kati, ndipo amene adzatsike kudzakankha ndi ndani?