Masiku Asanu ndi Tadala pa Msewu wa ku Adelaide

Tinanyamuka ku Ellenbrook, kumadzulo kwa Australia, Lolemba m'mamawa, ine ndi mwana wanga Tadala, wa zaka khumi ndi zisanu. Mlongo wake wamng'ono, Mada, tinamusiya ku Mirrabooka kwa banja lina la kutchalitchi. Panali patatha miyezi isanu ndi itatu chiikireni m'manda mayi awo, Esinati. Ine ndine pulambala, ndili ndi kabizinesi kangakanga, koma kuthamanga ndi mapaipi a anthu kwinaku ndikulera ana awiri ndekha kunkandikanika. Achemwali anga, omwe amakhala ku Elizabeth, kumpoto kwa Adelaide, anachita kundikalipira pa foni: "Achimwene, mufa nazo. Bwerani kuno, musankhe tauni yoti muyambirenso, anawo tithandizane."

Ndinakana ndege. Ndinkafuna kuona matauni ndi maso anga: kodi nyumba zakale zachuluka, nanga mapikapu a apulambala anzanga akudutsa angati. Titadutsa Northam, chipaipi chachikulu chopititsa madzi ku Kalgoorlie chinayamba kutiperekeza m'mbali mwa msewu. Ndinati, "Chitangophulika ichi n'kuitana ine, ndiye kuti talemera." Tadala anachotsa kachingwe ka nyimbo kukhutu limodzi, nandiyang'ana, n'kubwezera. Tinafika ku Norseman dzuwa likulowa, msana wanga uli gwa ngati thabwa.

Lachiwiri ndiye tinalowa m'chipululu. Pali chigawo china msewu umangowongoka, osakhota ngakhale pang'ono kwa ola ndi theka. M'mbali munali mitembo ya makangaru, akhwangwala ali pamenepo, osathawa n'komwe. Ku Caiguna dizilo anali pafupifupi madola atatu pa lita, ndipo kachitumbuwa ka nyama komwe tinagula kanali kouma ngati kaphikidwa chaka chatha. Dalaivala wina wa chithiraki cha ngolo zitatu anasuzumira zitsulo zanga m'pikapu.

"Mukuthawa kapena mukufunafuna?"

"Zonse," ndinatero.

Anagwedeza mutu ngati yankho limenelo amalimva tsiku lililonse.

Tikutsika chitunda cha ku Madura, Tadala analankhula koyamba chinyamukire, m'Chingelezi monga mwa masiku onse. "Adadi, tikasamuka, kumanda kwa amami azipitako ndani?" Ndinati amayi a kutchalitchi. Iye anati amayi a kutchalitchi ali ndi maliro awoawo. Tinakagona ku Eucla.

Lachitatu tinaoloka malire n'kulowa ku South Australia. Ku Ceduna kuli chipata chomwe salola zipatso kudutsa. Mayi wa pachipatapo anatilanda matimati anayi ndi nthochi, koma paketi ya usipa yomwe ndinagula ku Mirrabooka kuti ndikapatse achemwali anainunkhiza, nabweza msangamsanga. "Izi pitani nazo kutali," anatero. Apo pokha ndi pomwe ndinamva Tadala akuseka.

Ku Port Augusta tinafika Lachinayi masana. Kumeneko ndi komwe kunali mtima wanga. Mdala wina wachizungu, pulambala yemwe mawondo anali atamuthera, analengeza pa intaneti kuti akugulitsa bizinesi yake pamodzi ndi makasitomala. Anatizungulitsa m'tauni. Nyumba zakale zinali mbwee, magiza otenthetsera madzi otha, mapaipi adzimbiri. Tikuyenda choncho foni yake inalira kasanu.

"Kuno ntchito imakutsatira mpaka kubafa," anatero. "Ena amakuitana kumafamu, maola awiri kupita kokha. Sudzagona ndi njala."

Ndinamva mtima wanga ukudzuka koyamba chimwalirire Esinati. Kenako Tadala anamufunsa mwaulemu, "Nanga kunyumba mumafika nthawi yanji?"

Mdalayo anaseka. "Ana anga ndinangozindikira akula. Wina ali ku Darwin, amaimba pa Khirisimasi."

Titasiyana naye tinagula nsomba ndi tchipisi n'kukakhala pa benchi m'mbali mwa madzi. Ndinayamba kufotokoza: kwa anti ake ndi maola atatu okha, tizipitako Loweruka lililonse, nyumba kuno n'zotsika mtengo, sukulu yasekondale ilipo. Tadala sanakhudze chakudya. Atatsegula pakamwa analankhula Chichewa, chija chothyokathyoka chomwe ankalankhula ndi mayi ake okha.

"Adadi, Mada amakodza pabedi. Chiyambire maliro."

Ndinati sindinaonepo.

"Ndimachapa inu mukapita kuntchito. Masiku ena amakana kupita kusukulu, amalira, ndiye nanenso sindipita."

"Nanga akusukulu bwanji sanandiuze?"

"Mauthenga amapita pa foni ya amami. Ndimaitchaja. Ndimayankha ndine."

"Umayankha kuti chiyani?"

"Kuti mwana wadwala. Ndimalemba dzina la amami."

Mbalame za m'nyanja zinatera pafupi n'kuyamba kukanganirana tchipisi chomwe chinagwa m'manja mwanga. Ndinkafuna kukalipa, koma ndikanakalipira ndani? Mwanayo sanalire. Anangoti, "Kuno muzichoka mdima, muzibwera mdima. Ine ndatopa, adadi."

Lachisanu m'mawa tinapitirira kummwera, minda ya tirigu ili mbali zonse. Cha m'ma leveni koloko tinaima ku Gawler, tauni yomwe ndinali nditaichotsa kale pa maganizo anga. Pa msewu waukulu wokha ndinaona mapikapu a apulambala asanu ndi limodzi, opakidwa mayina owala. Munthu wachilendo, wakuda, wopanda womudziwa, sangayambe yekha pamenepo. Pasitolo ya zipangizo ndinafunsa wogulitsa za ntchito. Anati, "Makampani akufuna anthu, bola laisensi yanu ikhale yovomerezeka kuno. Mumalowa seveni, mumaweruka hafu fili." Zaka zisanu ndi ziwiri ndikudzilamulira ndekha, tsopano ndibwerere kukafunsa bwana chilolezo chopita kuchipatala. Koma kuchoka pamenepo kukafika kwa achemwali ndi mphindi makumi awiri.

Ndinaimbira mdala uja ndili m'pikapu. Ndinamuuza kuti bizinesi yake ndi yabwino koma sindiigula. Anati ndidzanong'oneza bondo. Mwina sananame.

Achemwali anatichingamira pageti. Anamugwira Tadala m'mapewa, namuyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiponyera ine diso lomwe sindidzaliiwala. Ndinali nditayenda masiku anayi kuti ndikamve zomwe zinkachitika m'chipinda choyandikana ndi changa.

Titatha kudya, Tadala anadzuka n'kuyamba kusonkhanitsa mbale, nafunsa komwe kumakhala sopo. Achemwali anamulanda mbalezo.

"Iwe, pano mayi ndine. Khala pansi."

Anakhala. Anaika manja pa tebulo, kenako pamiyendo, kenako pa tebulo pomwepo, osadziwa chochita nawo.